Werengani madzi anu muli m'nyumba

Alimi anzanga, masiku ano ambiri mwa ife tili ndi thanki pansanja, pampu ya sola pachitsime, kapena mpope wa Water Board umene timamwetsera nkhuku ndi ng'ombe. Feteleza timamuwerenga matumba, chakudya cha nkhuku timachiyeza pasikelo, koma madzi timangowatsegula osadziwa kuti apita ochuluka bwanji. Timadzadzidzimuka thanki itauma dzuwa lili paliwombo, mbewu zikufota, kapena bilu itabwera yoboola m'thumba. Paja akulu anati madzi akatayika sawoleka.

Phunziro lathu sabata ino ndi la kulumikiza mita ya madzi ku kamakina kowerengera, kuti mlimi aziona madzi ake pamene akupita, usana ndi usiku, pa kagalasi ka m'nyumba kapena pa foni. Ntchitoyi ndinaigwira pa thanki yanga ya malita 5,000 imene imathirira dimba ndi kumwetsa nkhuku. Kulumikiza kwake n'kosavuta chifukwa mawaya ndi awiri okha. Pofunika kudekha ndi poonetsetsa kuti nambala imene kamakinako kakuonetsa ndi yoona, pakuti nambala yabodza imasocheretsa mlimi.

Mita ya Water Board musaikhudze

Ndiyambe ndi chenjezo. M'dziko muno muli mabungwe asanu ogulitsa madzi a m'mipope: Blantyre Water Board, Lilongwe Water Board, ndi ena atatu a zigawo za kumpoto, pakati ndi kummwera. Onsewa amayendera lamulo la Waterworks Act la 1995. Mita imene anakuikirani pakhomo ndi yawo, ndipo anaimanga ndi kawaya ka chidindo. Kudula kawayako, kutsegula mitayo kapena kuisokoneza mwa njira ina iliyonse ndi mlandu. Angathe kukudulirani madzi ndi kukulipiritsani chindapusa.

Choncho gulani mita yanuyanu. Ngati madzi ndi a Water Board, ikani yanuyo patsogolo pa yawo, kumbali ya paipi yolowera kwanu. Ngati madzi ndi a pachitsime chanu, ikani pa paipi yotulukira m'thanki. Zonse zimene ndifotokoze pano ndi za mita yanu yogula nokha.

Kuwerenga nkhope ya mita

Musanaganize za mawaya, dziwani kuwerenga mita ndi maso. Manambala akuda amawerenga makiyubiki mita. Kiyubiki mita imodzi, imene pabilu amailemba kuti m³, ndi malita 1,000, kapena tinene migolo isanu ya malita 200. Malita osakwana 1,000 amaonekera pa manambala ofiira kapena pa timivi tofiira tozungulira ngati ta wotchi.

Pambali pa kamuvi kalikonse pali chilembo chake. Kamuvi kolembedwa x0.0001 kakazungulira kamodzi ndiye kuti padutsa lita imodzi. Ka x0.001 kakazungulira kamodzi padutsa malita 10, ka x0.01 malita 100, ndipo ka x0.1 malita 1,000. Mamita a madzi ambiri alinso ndi kanyenyezi kakang'ono pakati, kamene kamazungulira ngakhale madzi akudutsa pang'ono kwambiri.

Kugunda kwa mita n'chiyani?

Mita wamba imangoonetsa manambala. Koma pali ina imene opanga anaika kamaginito pa kamuvi kamodzi kapena pa kagudumu ka m'kati. Pamwamba pake, kunja kwa madzi, amamangirirapo kaswichi kotchedwa reed switch. Kaswichi kameneka ndi kagalasi kotalika ngati chala cha mwana wakhanda, ndipo m'kati mwake muli tizitsulo tiwiri topyapyala toyandikana koma tosakhudzana. Si chinthu chatsopano ayi: akatswiri a ku Bell Telephone Laboratories ku America anachikonza m'zaka za m'ma 1930 pa ntchito za telefoni.

Madzi akamadutsa, kamuvi kamazungulira pamodzi ndi maginito ake. Maginito akafika pansi pa kaswichi, tizitsulo tija timakhudzana. Akadutsa, timasiyananso. Kukhudzana ndi kusiyana kumeneku amisiri amakutcha pulse. Ine pano ndizingoti kugunda, chifukwa kumafanana ndi kugunda kwa mtima: madzi akathamanga mita imagunda pafupipafupi, akachedwa imagunda patalipatali, akaima nayo imakhala chete.

Mumvetse bwino mfundo iyi: kaswichika sikatulutsa magetsi. Kali ngati swichi ya pakhoma imene madzi akuyatsa ndi kuzimitsa. Kamakina kowerengera ndi kamene kamatumiza timagetsi tochepa mu waya mmodzi n'kumamvetsera ngati tabwerera mu waya winayo. Ntchito yake ndi kuwerenga kugunda, kenaka n'kuchulukitsa ndi malita a kugunda kumodzi.

Palinso mamita a madzi ena amene alibe maginito. Pankhope pake pali kachitsulo kooneka ngati theka la mwezi, ndipo pamwamba amamangirirapo kabokosi kamene kamamva kachitsuloko kakamadutsa. Zitsanzo ndi Cyble ya kampani ya Itron ndi HRI ya kampani ya Sensus. Timabokosi timeneti tili ndi batire m'kati, ndipo nthawi zambiri mawaya ake sasinthanitsidwa. Uliwonse uli ndi malo ake malinga ndi pepala la opanga. Mawaya awiri a reed switch mungawatembenuze popanda vuto.

Kusankha mita

Mukapita kusitolo ya zipangizo za mipope kapena za ulimi wothirira, nenani kuti mukufuna mita yokhala ndi pulse output, ndipo onetsetsani kuti kaswichi ndi waya wake zili m'bokosi momwemo. Kenaka funsani mafunso atatu. Paja safunsa anadya phula.

Funso loyamba: kugunda kumodzi ndi malita angati? Zambiri zimagunda kamodzi pa lita imodzi, pa malita 10 kapena pa malita 100. Koma musangoganizira. Mita ya Elster V100, imene mapulambala ambiri amaitcha Kent, ikakhala ya paipi ya 15 mm kapena 20 mm imagunda kawiri pa lita imodzi. Pa khola la nkhuku sankhani yogunda pa lita imodzi kapena kuchepera apo, chifukwa madzi ake ndi ochepa. Pa dimba ya malita 10 ndi yokwanira. Ya malita 100 ndi ya masikimu akuluakulu.

Funso lachiwiri: m'kati mwake ndi motani? Ina ili ndi kagudumu ka mapiko kamene madzi amakakankha, ndipo yodziwika kwambiri amaitcha multi-jet. Imeneyi imapirira tinyalala pang'ono koma siimva bwino madzi oyenda modontha. Ina, monga V100 ija, ili ndi kachikho kozungulira kamene kamadzaza ndi kukhuthula. Imeneyi imamva ngakhale madzi ochepa, koma mchenga umaiumitsa. Choncho ya kachikho ndi yabwino pa madzi oyera a nkhuku, ya mapiko ndi yabwino pa madzi a kudimba.

Funso lachitatu: ndi ya paipi yanji? Zilipo za 15 mm, kumene kuli hafu inchi, za 20 mm, za 25 mm, kumene kuli inchi imodzi, ndi zokulirapo. Kumbukirani kuti thanki ya pansanja imakankha madzi mofooka. Pamafunika thanki ikwere mamita 10 m'mwamba kuti mphamvu ya madzi ifike pafupifupi bar imodzi, pamene nsanja zathu zambiri ndi za mamita atatu kapena anayi. Mita yaing'ono pa paipi yaikulu imatsamwitsa madzi, ndipo mizere yakutali ya dimba siilandira. Gulani yofanana ndi paipi yanu yotulukira.

Kuika mita pa paipi

1. Pathupi pa mita pali muvi. Muviwo uloze kumene madzi akupita.

2. Mita ya mapiko igone chopingasa, nkhope itayang'ana kumwamba. Mukaiimika kapena kuipendeketsa imawerenga moperewera. Ikakhala ndi chilembo H chokha, ndiye kuti ndi yogoneka basi.

3. Ikani sefa kumbuyo kwa mita, makamaka ngati madzi ndi a mumtsinje, padamu kapena pachitsime cha mchenga. Sefayo muziitsuka kawirikawiri.

4. Siyani paipi yowongoka pang'ono kumbuyo ndi kutsogolo kwa mita. Musaigundanitse ndi chigongono cha paipi kapena pampu.

5. Ikani valavu yotsekera kumbuyo kwake, ndi valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo kutsogolo kwake.

6. Mita ikhale pamalo pamene paipi imakhala yodzaza madzi nthawi zonse, chifukwa mpweya nawo umazungulitsa mita.

7. Imangireni kabokosi ka njerwa kokhala ndi chivundikiro, koteteza ku dzuwa, mvula, mbuzi ndi ana.

Yesani ndi ndowa musanalumikize

Apa ndi pamene ambiri amathamangira, koma ndi pamene pagona phunziro lonse. Bwerekani multimeter kwa wokonza mawailesi kapena mafoni pamsika wanu. Ikani pa chizindikiro chimene chimachititsa kuti ilire timawaya take tikakhudzana. Gwirizitsani timawaya take tiwiri ku mawaya awiri a kaswichi.

Tsopano tengani ndowa imene mukuidziwa bwino kuti ndi ya malita 20. Tsegulani mpope, wina azitunga, inu muziwerenga kulira kwa multimeter. Ikalira ka 20 ndowa n'kudzaza, kugunda kumodzi ndi lita imodzi. Ikalira ka 40, ndi theka la lita. Ikalira kawiri kokha, ndi malita 10. Ikapanda kulira, tungani ndowa zisanu. Ikalira kamodzi pa ndowa zisanuzo, ndi ya malita 100. Ikangokhalabe chete, kaswichi sikanakhale bwino pamalo pake kapena n'kosweka, ndipo kabwezeni kusitolo lisiti lisanatayike.

Nambala imene mwapezayi ilembeni ndi penti m'kati mwa chivundikiro cha kabokosi. Mudzaifuna tsiku lina pepala la opanga litadyedwa ndi chiswe.

Timakina towerengera

Pali mitundu itatu imene mlimi angasankhepo malinga ndi thumba lake.

Woyamba ndi kawerengero ka batire kokhala ndi kagalasi ka manambala, kamene m'masitolo a zamagetsi amakatcha pulse counter. Sikafuna intaneti kapena foni. Mumangolumikiza mawaya awiri aja, n'kukakhoma pakhoma m'nyumba kapena pakhomo la khola. Kambiri kali ndi batani lobwezera nambala pa ziro, moti m'mawa uliwonse mungathe kulemba madzi a dzulo m'kope n'kuyambanso. Kwa mlimi amene akungoyamba, ndimalangiza kameneka.

Wachiwiri ndi kamakina kogula kale kokhala ndi Wi-Fi, monga Shelly Plus Uni ka kampani ya ku Bulgaria. Kali ndi waya wakewake wowerengera kugunda, kamatha kudya magetsi a batire ya 12 volts, ndipo manambala ake mumawaona pa foni.

Wachitatu ndi kabolodi kotchedwa ESP32, ka kampani ya Espressif ya ku Shanghai ku China, kamene kanatuluka mu 2016. N'kotsika mtengo koma kamafuna munthu woti akaikire pulogalamu ndi kompyuta. Pulogalamu yaulere yotchedwa ESPHome ndi imene ambiri amagwiritsa ntchito. Nayo mungathe kuona manambala pa foni mwachindunji, kapena kuwatumiza ku pulogalamu ina yaulere, Home Assistant, imene inayamba mu 2013. Imeneyi imasunga manambala a masiku onse ndi kutumiza chenjezo, koma imafuna kakompyuta kokhala koyaka nthawi zonse. Achinyamata amene aphunzira zamagetsi kapena zamakompyuta m'sukulu za ntchito zamanja angakuthandizeni.

Mitundu iwiri yomalizayi imafuna Wi-Fi ya 2.4 GHz pakhomo. MiFi ya TNM kapena ya Airtel imakwanira.

Kalumikizidwe kake

Lamulo loposa onse ndi ili: mawaya a kaswichi asakhudzane ndi magetsi a ESCOM a 230 volts. Kaswichi kangapse nthawi yomweyo, ndipo mita yonyowa pa paipi ingaphe munthu kapena chiweto. Kaswichika ndi ka magetsi ochepa okhaokha.

Pa kawerengero ka batire ndi pa Shelly, waya mmodzi amapita polowera kugunda, wina amapita polembedwa GND kapena COM. Tsatirani chithunzi cha m'kabuku kake.

Pa ESP32 chitani motere:

1. Chotsani magetsi onse pa kabolodi.

2. Waya mmodzi wa kaswichi apite pa kamwendo kolembedwa GND.

3. Waya winayo apite pa kamwendo kolandirira, mwachitsanzo GPIO27.

4. Lumikizani resistor ya 10k pakati pa GPIO27 ndi kamwendo kolembedwa 3V3.

5. Ngati waya ndi wamtali, onjezerani capacitor ya 100nF pakati pa GPIO27 ndi GND, pafupi ndi kabolodi.

Resistor imeneyi ndi kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga, koma ntchito yake ndi yaikulu. Kaswichi kakakhala kotseguka, resistor imagwira kamwendo kaja pa 3.3 volts. Kaswichi kakatseka, kamwendo kamagwera pa ziro, ndipo kabolodi kamawerenga kugunda kumodzi. Popanda resistor, waya wamtali amasanduka ngati mlongoti wa wailesi, n'kumatola phokoso la magetsi la pampu kapena la mphenzi, ndipo kabolodi kamawerenga madzi amene sanadutse. M'kati mwa ESP32 muli resistor yofooka ya ntchito yomweyi, koma timiyendo toyambira GPIO34 mpaka GPIO39 tilibe. Ikani yanu yakunja kuti mtima ukhale m'malo. Ndiponso musaike 5 volts kapena 12 volts pa kamwendo kolandirira, chifukwa kabolodika ndi ka 3.3 volts.

Waya wabwino ndi wa mitsempha iwiri yopotana, monga uja wa netiweki ya makompyuta. Mudutsitseni m'kapaipi ka pulasitiki chifukwa makoswe amakonda kutafuna waya. Asayende limodzi ndi waya wa pampu. Polumikizira ponse pakhale pamwamba, pouma, powotcherera bwino ndi pokulunga tepi.

Wokuikirani pulogalamu muuzeni zinthu ziwiri. Choyamba ndi malita a kugunda kumodzi amene munapeza ndi ndowa. Chachiwiri n'chakuti tizitsulo ta kaswichi tikamakhudzana timanjanja pang'ono tisanakhazikike, ndipo kabolodi n'kofulumira kwambiri moti kangawerenge kunjanjako ngati kugunda kasanu kapena kakhumi. Mu ESPHome agwiritse ntchito gawo lotchedwa pulse_meter, ndipo aliuze kuti lisawerenge kugunda kulikonse kosakwana 50 milliseconds. Palibe madzi enieni amene angaphonyeke. Mita ya hafu inchi ikathamanga kwambiri imadutsitsa malita pafupifupi 50 pa mphindi, kumene sikukwana n'komwe lita imodzi pa sekondi.

Mukamaliza, bwerezani mayeso a ndowa. Tungani ndowa zisanu. Kamakina kaonetse malita 100, ndipo nkhope ya mita ionetsenso chimodzimodzi.

Zimene zimasokoneza chiwerengero

Kamakina kakamaonetsa madzi ochuluka kuposa nkhope ya mita, yang'anani resistor, kunjanja kwa kaswichi, kapena waya amene wayandikana ndi wa pampu. Chinanso ndi madzi obwerera m'mbuyo. Reed switch siidziwa kumene madzi akulowera. Maginito akaima m'mphepete mwa kaswichi, madzi n'kumagwedezeka m'paipi, kaswichi kamatseka ndi kutseguka pamene nkhope ya mita siikusuntha. N'chifukwa chake ndinatchula valavu yoletsa madzi kubwerera.

Kamakina kakamaonetsa madzi ochepa kuposa nkhope ya mita, kawirikawiri ndi chifukwa cha magetsi. Mita imayenda ndi mphamvu ya madzi, choncho imawerengabe magetsi akazima, pamene kamakina kamagona. Kadyetseni kuchokera pa batire ya sola. ESP32 imafuna kachipangizo kotsitsa 12 volts kufika pa 5 volts, konga kaja kotchajira foni m'galimoto. Waya woduka kapena polumikizira pochita dzimbiri ndi chifukwa china.

Zonse ziwiri zikamagwirizana koma ndowa ikutsutsa, vuto lili pa mita yeniyeniyo: mwina yaikidwa chopendekera, mwina mwalowa mchenga, mwina mukudutsa mpweya thanki ikauma.

Chizolowezi changa n'chakuti Lamulungu lililonse madzulo ndimalemba nambala ya pankhope ya mita ndi ya pakamakina m'kope limodzi. Zikasiyana, ndimakhulupirira nkhope ya mita, n'kukonza kamakina.

Manambalawa mutani nawo?

Choyamba ndi kugwira madzi otayika. Pakati pa usiku mpaka tambala woyamba, mipope yonse itatsekedwa, mita iyenera kukhala chete. Kwanga, chaka china m'chilimwe, mita ya kudimba yogunda pa malita 10 inayamba kugunda kamodzi pa mphindi 20 zilizonse usiku wonse. Tiwerengere limodzi: amenewo ndi malita 30 pa ola, malita 720 pa tsiku, malita 21,600 pa masiku 30. Ndi mathanki anayi a malita 5,000 ndi kuposerapo. Pamtunda panalibe chinyontho chifukwa dothi lake ndi lamchenga. Ndinatseka mavalavu a mizere umodziumodzi mpaka mita inakhala chete, ndipo pokumba mzere umenewo ndinapeza muzu wa mango utakankha polumikizira paipi. Amene muli ndi Home Assistant mungathe kuiuza kuti ikutumizireni chenjezo madzi akayenda ola lathunthu osaima usiku.

Chachiwiri ndi kuthirira moyenera. Milimita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi lita imodzi. Tiyerekeze kuti dimba lanu ndi la mamita 20 m'lifupi ndi mamita 25 m'litali, ndipo mlangizi wakuuzani kuti mu Okutobala tomato wanu afunika mamilimita 5 pa tsiku. Chulukitsani 20 ndi 25, mupeza 500. Chulukitsaninso ndi 5, mupeza malita 2,500. Kamakina kakafika pa 2,500, tsekani. Madzi opitirira amakokolola feteleza kupita naye pansi pamene mizu siifika. Amene mumathirira ndi mapaipi odontheza, lembani malita amene amadutsa pa mphindi tsiku loyamba. Akadzatsika, sefa kapena timabowo tatsekeka. Akadzakwera, paipi yaphulika penapake.

Chachitatu ndi thanzi la nkhuku. Kampani ya Aviagen, eni ake a nkhuku za nyama za mtundu wa Ross, imaphunzitsa kuti nyengo ikakhala yofunda madigiri 21, nkhuku zimamwa malita 1.6 mpaka 1.8 pa kilogalamu imodzi ya chakudya, malinga ndi mtundu wa zomwera, ndipo kukatentha zimamwa koposa apo. Nkhuku 500 zikadya makilogalamu 50 pa tsiku, yembekezani malita 80 mpaka 90. Nkhuku zikamakula, madzi ayenera kukwera tsiku ndi tsiku. Akatsika mwadzidzidzi, pitani m'khola nthawi yomweyo. Onani ngati zomwera zatsekeka kapena madzi atentha ndi dzuwa. Ngati zonse zili bwino, itanani mlangizi wa ziweto, chifukwa nthawi zambiri nkhuku yodwala imasintha kamwedwe mlimi asanaone zizindikiro zina. Nambalayi imathandizanso pa katemera wa m'madzi, monga wa chitopa, amene ayenera kumwedwa yense pasanathe maola awiri. Mukadziwa malita amene nkhuku zanu zimamwa m'maola awiri a m'mawa, mudzasungunulira katemera m'madzi okwanira bwino.

Chachinayi ndi mtendere m'kalabu. Pamene alimi khumi akuthirira kuchokera m'thanki imodzi, mikangano siichedwa: wina akuti mnzake wathirira nthawi yaitali, wina akuti madzi anatha iye asanalandire. Mlembi wa kalabu akamalemba nambala poyamba ndi pomaliza pa nthawi ya membala aliyense, ndalama zokonzetsera pampu zingathe kusonkhedwa malinga ndi malita amene aliyense wagwiritsa ntchito, ndipo zokambirana za pamsonkhano zimafupika.

Kodi aliyense afunika kamakina?

Iyayi. Amene mumathirira ndi kheni kuchokera pachitsime chokumba pamanja, makheni anu ndi mita yokwanira. Amene thanki ili pakhomo penipeni, mita wamba ndi kope zingakuchitireni zambiri mwa zimene ndafotokozazi, bola muzilemba m'mawa ndi madzulo osalumphitsa tsiku. Kamakina kamapindulitsa pamene thanki ili kutali ndi nyumba, pamene madzi ndi ogula, pamene ziweto ndi zambiri, kapena pamene mwini munda amakhala kuntchito n'kusiyira antchito. Funsani mitengo m'masitolo angapo, muyerekeze ndi madzi amene mukuganiza kuti mumataya, kenaka musankhe.

Zoti mukumbukire

1. Gulani mita yanuyanu. Ya Water Board isiyeni.

2. Dziwani malita a kugunda kumodzi poyesa ndi ndowa ya malita 20.

3. Kaswichi ndi ka magetsi ochepa. Kasayandikire magetsi a ESCOM.

4. Pa ESP32 musaiwale resistor ya 10k ndi kuletsa kunjanja kwa kaswichi.

5. Kamakina kadye kuchokera pa batire, ndipo sabata iliyonse kayerekezeni ndi nkhope ya mita.

Ntchito ya kunyumba sabata ino ndi iyi. Amene muli kale ndi mita, ngakhale ya Water Board, tsekani mipope yonse pokagona, mulembe manambala onse akuda ndi ofiira. M'mawa, wina asanatunge, kalembeninso. Akasiyana, madzi anu akupita kwina, ndipo muyambe kufufuza lero lomwe.